Agent akusokoneza mtengo wogulira ndi wogulitsira

aPhiri, Kapata:
Mwauka bwanji akuluakulu. Ndinapangira sitolo ina ya zaulimi kuno ku Chipata agent (pulogalamu ya AI) woyankha alimi pa WhatsApp. Pa za mitengo ali ndi ma tool awiri (timapulogalamu timene agent amaitana akafuna kupeza yankho), get_price ndi check_price. Woyamba ndi wa mtengo umene sitolo imagulitsira mbewu ndi feteleza, wachiwiri ndi wa mtengo umene imagulira zokolola kwa alimi. Dzana mayi wina wa ku Chadiza anafunsa kuti nshawa tikugula zingati, agent n'kumuuza mtengo wa nshawa za mbewu, zija za m'mapaketi. Mayiyo anakweza matumba pa galimoto akuwerengera ndalama zoti kulibe. Mwini sitolo wandiimbira katatu. Ndisinthe model, ubongo wa agentyo, kodi?

NaTembo, Katete:
Musanathamangire model, tionetseni description (mawu ofotokoza ntchito) ya ma tool awiriwo mmene munalembera.

aPhiri, Kapata:
Woyamba "Gets price". Wachiwiri "Checks price of item". Parameter (malo amene agent amadzaza poitana tool) ndi imodzi, item, ya string, kutanthauza mawu alionse.

NaTembo, Katete:
Achimwene, apa agent alibe mlandu. Model saona code yanu. Amangoona dzina la tool, description, ndi schema ya JSON (ndondomeko ya kalembedwe) ya ma parameter, basi. Inu mukudziwa kusiyana kwake chifukwa munalemba ndinu. Zili ngati kutuma mwana kumsika kuti "kagule chija", akabwera ndi tomato inu mumafuna anyezi, n'kumamukalipira. Yambani ndi maina: get_input_selling_price ndi get_crop_buying_price. Ndiye mu description iliyonse munene chimene tool amabweza, nthawi yomugwiritsa ntchito, ndi nthawi yomusiya n'kutenga mnzakeyo. Chachitatuchi ambiri timachiiwala.

aZulu, Petauke:
Mlongo wanena zoona, koma mukalemba zatsopanozo mudziwa bwanji kuti zakoma? Ine ndimayamba popanda kompyuta. Ndimasindikiza ma description papepala n'kupatsa munthu amene sanaonepo code. Nthawi ina ndinapatsa mtsikana wogulitsa pa kauntala. Ndimamuwerengera funso la mlimi, iye aloze tool ndi kunena zimene angalembe m'ma parameter. Pamene wakanda mutu n'kundifunsa kuti "apa mukutanthauza chiyani", ndimadula mzere ndi bolopeni, chifukwa model pamenepo safunsa kawirikawiri, amangolota.

Kenako tengani mafunso enieni a alimi pa WhatsApp, kaya 40, mufufute maina ndi manambala a foni. Musawakonze kalembedwe, asiyeni ndi Chinsenga chake ndi Chingerezi chosakanizacho. Pa funso lililonse lembani tool woyenera ndi ma parameter oyenera. Muikemonso mafunso osafuna tool aliyense, monga "mumatseka nthawi yanji". Mukayesa, werengani padera zinthu zitatu: wasankha tool wolondola, wadzaza bwino ma parameter, wadziletsa pamene sipamafunika tool. Funso lililonse liyendetseni kangapo, poti model angalondole lero mawa n'kuphonya funso lomwelo. Ndipo muzisintha chinthu chimodzi chimodzi. Mukasintha dzina, description ndi schema nthawi imodzi simudziwa chimene chachiza.

aMwale, Lundazi:
Item ya string ija ndiye msampha wina. Wina alemba nshawa, wa ku Mchinji alemba mtedza, wina groundnuts. Ikani enum (mndandanda wokhazikika wosankhapo) ya mbewu zimene sitolo imaguladi, ndipo mu description munene kuti maina atatuwa ndi chinthu chimodzi. Muyezo nawonso: mtengowo ndi wa kilo, wa meda (kachitini koyezera pamsika), kapena wa thumba la 50kg? Ndalamanso. Inu muli pafupi ndi Mwami, pa malire a Zambia ndi Malawi, mawu oti kwacha okha sakwanira. Lembani ZMW (kwacha ya Zambia) poyera, kuopa wina angawerenge ngati MWK (kwacha ya Malawi). Ine zinandionekera database ikusunga mangwee (mangwee 100 ndiye kwacha imodzi), agent n'kumatchula nambalayo ngati makwacha. Feteleza anakwera ka 100 usiku umodzi, alimi anangoti kakasi.

aBanda, Chipata:
Ine ndikayikako pang'ono. Description iliyonse imapita kwa model pa uthenga uliwonse, ndipo ma token (tizidutswa ta mawu timene model amawerenga) ndi ndalama. Chitulukireni MCP (njira yolumikizira ma tool kwa agent) mu November 2024 anthu akungolumikiza ma server ambirimbiri, ma tool n'kudzaza context (malo a mawu amene model angawerenge nthawi imodzi) mlimi asanapereke n'komwe moni. Bwanji osangouza model wina kuti apereke mamakisi pa ma description, n'kufupikitsa?

NaTembo, Katete:
Akulu, ziganizo zitatu kapena zinayi sizingagwetse sitolo. Ngati mukufuna kusunga ma token, chotsani ma tool ofanana ntchito, osati mawu owasiyanitsa.

aZulu, Petauke:
Za mamakisizo ndinayesapo. Model anayamikira description yosalala Chingerezi, yomwe pa mafunso enieni inkaphonyabe. Chimene amathandiza n'chakuti mukamupatsa zokambirana zimene zaphonya, amaloza msanga mawu osokoneza. Koma woweruza akhale mafunso a alimi aja.

aPhiri, Kapata:
Zikomo nonse. Ndasonkhanitsa mafunso 35. Ndi ma description akale agent walondola 19. Nditangosintha maina wafika 27, nditawonjezera za nthawi yosagwiritsa ntchito tool ndi enum ya aMwale wafika 32. Atatu otsalawo ndi amtundu umodzi: mlimi wangolemba kuti "nshawa zingati", osanena ngati akugula kapena akugulitsa. Pamenepo ngakhale ine sindingadziwe.

NaTembo, Katete:
Amenewo yankho lake lolondola ndi funso. Lembani m'ma tool onse awiri kuti ngati sizikudziwika, agent ayambe wafunsa mlimi. Pa pepala lanu loyesera muwalembe kuti safuna tool.

aPhiri, Kapata:
Ndichita madzulo, malaiti apita kuno. aMwale, meda ndiike makilo angati pa nshawa zosenda?

aMwale, Lundazi:
Musalote. Pitani ndi meda yawo yomweyo pa sikelo ya sitolo mukayeze, zosenda padera, zamakoko padera.