Amuna anga anatuluka usilikali ku America, tsopano akufuna kusiya yunivesite. Ndiwathandize bwanji?

Membala wobisa dzina

Moni nonse a pa gulu. Ndapempha a admin kuti abise dzina langa chifukwa nkhaniyi ndi ya m'banja ndipo eni ake sakudziwa kuti ndalemba. Ndikufuna nzeru makamaka kwa inu amene munagwirapo usilikali kuno ku America, kapena amene muli ndi abale otero.

Amuna anga anabwera kuno ndi green card ya lottery, kenako analowa US Army. Ntchito yawo inali yoyendetsa malole a asilikali, ija amati 88M, ndipo potuluka anali sajeni. Anatuluka bwinobwino, pepala lawo lotulukira usilikali, DD-214, ndi la honorable, kutanthauza kuti anatuluka mwaulemu. Chaka chino alowa yunivesite ya boma m'state yomwe tikukhala, akuphunzira za supply chain, kayendetsedwe ka katundu kuchokera kopangidwa mpaka kwa ogula. Fizi yonse ikulipidwa ndi Post-9/11 GI Bill, thandizo la boma lolipirira sukulu asilikali akale, ndalama ya nyumba ikubwera mwezi ndi mwezi, ya mabuku inabweranso. Kumbali ya ndalama sitingadandaule.

Vuto lili pa munthuyo. Semesita yoyamba isanathe n'komwe ayamba kunena zosiya, akuti abwerere pamsewu ndi CDL yawo, laisensi yoyendetsera malole, chifukwa kumeneko ndalama ndi yapompopompo. Statistics yawakanika, mayeso oyamba sanakhoze. M'kalasi mwadzaza ana a zaka 18 ndi 19, iwo ndi bambo wa ana awiri. Akapatsidwa ntchito ya pagulu, iwo amafika nthawi isanakwane, anzawo amabwera mochedwa kapena osabwera kumene, ndiye amafika kunyumba atakwiya mpaka nsima osaikhudza. Nkhomaliro amadyera m'galimoto pa parking, okhaokha. Sanandiuze, ndinangoona madontho a ndiwo pa mpando ndi kontena pansi pa chiwongolero.

Chinawalasa kwambiri ndi mlangizi wa maphunziro amene anakumana naye poyambirira. Anawauza kuti zomwe anaphunzira ku usilikali sizingawerengedwe, ayambire pansi ngati mwana wochokera ku sekondale.

Pa kampasipo pali ofesi ya ma veteran, kapena kuti asilikali akale. Amaidutsa tsiku ndi tsiku osalowamo. Akuti imeneyo ndi ya anthu amene anavulala kunkhondo, iwo manja ndi miyendo zilipo. Inabwera imelo yowaitana ku mwambo wa Veterans Day pa 11 November, anaifufuta ndikuona.

Kodi mu ofesi imeneyo amathandiza chiyani kwenikweni? Akasiya pakati pa semesita, GI Bill ikhala bwanji? Nanga digiriyi idzawapezetsadi ntchito yoposa ya lole? Ine sindikufuna kuwakakamiza, koma ndikudziwa kuti sukuluyi ankailakalaka kuyambira tili kumudzi.

Wakale wa Navy, Texas

Achemwali, ndiyambe ndi chofunika changu. Alamu asadine withdraw, kuchotsa dzina lawo m'kalasi, asanalankhule ndi munthu wotchedwa School Certifying Official. Sukulu iliyonse yolandira GI Bill ili naye, ndipo kawirikawiri amakhala mu ofesi yomwe akuidutsayo. Ndi amene amauza a VA, nthambi ya boma yoona za asilikali akale, kuti wophunzira walembetsa makalasi angati.

Munthu akasiya kalasi pakati, ndalama za fizi ndi za nyumba zomwe zinatuluka kale zimawerengedwanso, ndipo zikhoza kusanduka ngongole, pokhapokha atapereka chifukwa chomveka monga matenda kapena maliro. Amakhululukira ma credit 6 (credit ndi muyezo wa kukula kwa kalasi) osafunsa chifukwa, koma n'kamodzi kokha. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti ukaphunzira mpaka kumapeto n'kupeza F, subweza kanthu, ndipo ukabwereza kalasiyo GI Bill imalipiranso. F amatsitsa GPA, avereji ya magiredi, zoona, n'chifukwa chake akhale pansi ndi munthuyo awerengere limodzi chomwe chili chopepuka.

Za statistics, pali Tutorial Assistance. Amapereka mpaka $100 pa mwezi yolipira munthu wokuphunzitsa padera, mpaka ikwane $1,200. Pamafunika kalata ya mphunzitsi wa kalasiyo yonena kuti thandizolo likufunika. Ine chemistry inandipulumukira momwemo.

Mayi wa ku ofesi yolembetsa ophunzira

Ine ndimagwira ntchito pa community college, mafayilo a asilikali akale amadutsa pa tebulo langa. Mlangizi uja anayankha mothamanga. Sukulu yolandira ndalama za GI Bill imayenera kuunika maphunziro omwe wophunzirayo anachita kale, kuphatikizapo a ku usilikali.

Bambo aitanitse Joint Services Transcript, JST mwachidule. Aliyense amene anali mu Army, Navy, Marines kapena Coast Guard ali nayo, amaitanitsa pa intaneti kwaulere ndipo imapita ku sukulu mwachindunji. M'menemo muli maphunziro onse kuyambira basic training mpaka kosi ya usajeni, ndipo bungwe la American Council on Education limalemba kuti kosi iliyonse ikufanana ndi ma credit angati. Ndisakunamizeni, wogamula ndi sukulu, ndipo ambiri mwa ma credit amenewa amalowa ngati ma elective, makalasi amene wophunzira amangodzisankhira. Statistics saichotsa. Koma GI Bill ndi ya miyezi 36 yokha ya maphunziro, ndiye kalasi iliyonse yomwe yachotsedwa ndi nthawi yosungika yomalizira digiri.

Apemphenso kuti apatsidwe mlangizi amene amaona za ma veteran, masukulu ambiri ali naye. Ndipo munadzaza FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la ndalama za sukulu? Ndalama za GI Bill siziwerengedwa ngati malipiro pa fomu imeneyo, kotero banja la ana awiri likhoza kulandira Pell Grant, ndalama ya boma yosabweza, pamwamba pake.

Membala wobisa dzina

Mayi, zikomo kwambiri. FAFSA sitinadzaze, timaganiza kuti amene ali pa GI Bill saloledwa. JST ndikuimva koyamba lero.

Dalaivala, Ohio

Ine ndiyankhula zosiyana ndi anzangawa. Ndili pa lole zaka zambiri, ndamanga nyumba kumudzi, ana ndikuphunzitsa. Si aliyense wa kalasi. Mwamuna akanena kuti mtima wake uli pamsewu, mlekeni. Mudzamusunga pa sukulu ali wokwiya, mkwiyowo udzathera pa inu ndi ana.

Wakale wa Navy, Texas

Achimwene, lole palibe akuinyoza. Koma mlongoyu wanena kuti sukulu ankaifuna okha, chawabweza ndi kalasi imodzi ndi kusungulumwa. Ndiponso nkhaniyi si ya lero kapena ayi. Lamulo la 2017 lomwe amati Forever GI Bill linachotsa malire a zaka 15 kwa onse amene anatuluka usilikali kuyambira pa 1 January 2013. Akhoza kumaliza semesita ino bwinobwino, kukayendetsa lole chaka, miyezi yotsalayo n'kuipeza ikuwadikira. Chomwe ndikukana ndi kutuluka pakati n'kusiya ngongole kumbuyo.

Dalaivala, Ohio

Apo ndiye ndamva. Amalize kaye semesitayo.

Wophunzira chaka chachitatu, anali medic mu Army

Asisi, zomwe mwafotokozazi ndazidziwa bwino, chaka changa choyamba chinali chotero. Ku usilikali umadzuka ukudziwa kuti ndi ndani akukudikira ndipo ukapanda kufika wina akufunafuna. Pa yunivesite ukhoza kujomba sabata yathunthu popanda wofunsa. Zimenezo zimapweteka kuposa masamu.

Musawauze kuti akapemphe thandizo, mawu amenewo sajeni sangawalandire. Auzeni kuti akafunse za pepala la JST. Akangolowa zina zichitika zokha. Kwathu kuno ofesiyo ili ndi chipinda chokhalamo, muli firiji, microwave, khofi, makompyuta ndi printer yaulere. Anthu ake ndi a zaka 28, 35, 40, ena akuwerenga mwana ali pamiyendo. Ambiri sanavulale n'komwe, anali ophika, amakaniki, osunga katundu. Wina amene anakhoza statistics semesita yatha amakhala pompo, ndipo amakufotokozera m'chilankhulo chomwe umamva. Ine ndimatenthetsa nsima yanga mu microwave imeneyo, mpaka mnzanga wina wa ku Marines anaphunzira kudya ndi manja.

Afunse ngati pali nthambi ya Student Veterans of America. Bungweli linayamba mu 2008 ndipo lili m'masukulu oposa 1,000. Amachita msonkhano waukulu mwezi wa January chaka chilichonse, kumabwera makampani ofuna kulemba anthu ntchito.

China chomwe chingawakoke ndi VA Work-Study. Ngati akutenga makalasi osachepera magawo atatu mwa anayi a full time, akhoza kulembedwa ganyu mu ofesi momwemo, kulandira alendo ndi kusanja mafayilo. Malipiro ndi minimum wage, osadulidwa msonkho. Kwa munthu wozolowera kuyang'anira asilikali anzake, kukhala amene akulondolera watsopano kumamubwezera ulemu wake. Ine ndi ganyu imeneyo yomwe inandisunga pa sukulu.

Muchenjerenso ndi December. Ndalama ya nyumba imalipidwa pa masiku omwe sukulu ili mkati basi, pa holide sibwera, ndiye ya December ndi ya January zimakhala zoperewera pomwe lendi ndi yomweyo. Ambiri amagwa mphwayi nthawi imeneyo. Yambani kupatula pang'ono panopa. Ndipo meseji ya mwezi ndi mwezi yotsimikiza kuti akadali pa sukulu aziyankha, ikadumphidwa miyezi iwiri yotsatizana ndalamayo imaimitsidwa.

Mlongo wa ku HR, Indiana

Ndiyankhe za ntchito poti ndimawerenga ma CV tsiku lililonse. Asilikali akale ambiri amadzipha okha pa pepala. Amalemba "88M, E-5" (E-5 ndiye usajeni) n'kuyembekeza kuti ine ndimva. Sindimva. Alembe kuti ankayang'anira anthu angati, magalimoto angati, katundu wa ndalama zingati, ankakonza bwanji ndondomeko ya maulendo, ndi kuti ngozi anazipewa motani. Imeneyo ndi supply chain kale, digiri ikungobwera kudzaikapo chidindo. Pa webusaiti ya My Next Move for Veterans akalemba 88M, zimatuluka ntchito za anthu wamba zofanana nayo pamodzi ndi mawu omwe olemba ntchito amagwiritsa.

Munthu wa digiri ya supply chain amene anakhalapo pa chiwongolero ndipo ali ndi CDL, makampani a zamtengatenga amamufuna chifukwa madalaivala sangamunamize. Koma asadikire chaka chomaliza. Internship ya chilimwe ndi yomwe imatsegula khomo, ndipo ambiri amalemba anthu miyezi yambiri chilimwecho chisanafike. Apite ku career center ya pa kampasi semesita yamawa.

American Corporate Partners amapereka mlangizi wochokera ku kampani kwa chaka chathunthu, kwaulere. Hiring Our Heroes, ya U.S. Chamber of Commerce Foundation, imachititsa ma job fair ndipo ili ndi mapologalamu a akazi a asilikali, ndiye inunso muyang'aneko. LinkedIn imapereka Premium ya chaka chimodzi kwaulere kwa ma veteran. Ngati anatenga citizenship, ntchito za boma la federal pa webusaiti ya USAJOBS zili ndi veterans' preference, mapointi owonjezera 5 kapena 10 kwa asilikali akale oyenerera.

Namwino, Maryland

Mlongo wanga, ndifunse mwaulemu. Akugona bwino? Kukwiya mpaka kukana chakudya ndi kudzipatula kukhoza kukhala kutopa ndi sukulu chabe, komanso kukhoza kukhala zina zomwe anabwera nazo. Ngati anatumizidwako kumalo a nkhondo, ma Vet Center amapereka uphungu waulere ndi wachinsinsi, ndipo amalandiranso a m'banja. Tsiku lina mukadzaona kuti zafika poopsa, imbani 988, nambala yothandiza amene maganizo awafika poopsa, n'kudina 1, usana kapena usiku.

Ngati ali ndi disability rating (muyezo wa VA wa kuvulala kochokera ku usilikali) ya 10% kapena kuposa, ngakhale ya msana kapena makutu, afunsenso za Veteran Readiness and Employment, ena amati Chapter 31. Kumeneko amapatsidwa mlangizi amene amayenda naye mpaka ntchito itapezeka.

Membala wobisa dzina

Tulo ndi tovuta, amadzuka pakati pa usiku n'kukakhala pa balaza. Rating ali nayo ya makutu, chifukwa cha phokoso la injini. Ndiwafunsa modekha.

Agogo a ku Zomba, tsopano ku Seattle

Mwanawe, ndinenepo za imelo anafufutayo. Bambo anga anali msilikali wa KAR, King's African Rifles ya nthawi ya atsamunda. Mwezi wa November ankavala jekete ndi mamendulo awo kupita pa chipilala cha asilikali ku Zomba, ife ana tikutsatira pambuyo. Za nkhondo sankatiuza, koma tsiku limenelo tinkadziwa kuti bambo athu ndi ndani. Mwamuna wakoyo mwina akuona ngati ulemuwo si wake poti anabadwira kwina ndipo ankangoyendetsa lole. Yunifolomu anavala ndi yomweyo, lumbiro analumbira ndi lomwelo. Ngati iye sakufuna, usamukoke. Koma umuuze kuti ana akufuna kukaona.

Wophunzira chaka chachitatu, anali medic mu Army

Agogo anena zoona. Ndiwonjezere kuti ulemu wina umalowa mpaka pa CV. Pali SALUTE, bungwe lolemekeza ma veteran okhoza bwino m'kalasi, linayambira ku Colorado State University mu 2009, ndipo a digiri yoyamba amalowa kuyambira GPA ya 3.0. Masukulu ambiri amaperekanso chingwe chofiira, choyera ndi chabuluu chovala pa graduation, ena amalola ma veteran kusankha makalasi ophunzira ena asanayambe. Chomalizachi n'chothandiza kwa bambo wa ana, amatha kusankha nthawi yogwirizana ndi yokatenga ana kusukulu.

Membala wobisa dzina

Ndabweranso. Usiku wathawu ndawaonetsa zomwe mwalembazi, ndinaona kuti kubisa sikuthandiza. Poyamba sanasangalale kuti ndatulutsa za m'nyumba, koma anawerenga mpaka pansi, ndipo ya achimwene a Navy anaibwereza. JST aitanitsa m'mawa uno. Avomera kuti sasiya kalasi iliyonse asanaonane ndi Certifying Official, ndipo apita Lolemba akatuluka statistics. Za lole sanazisiye, akuti aona semesita ikatha. Za Vet Center sanayankhe kanthu, ndipo sindinaumirize.

FAFSA tidzaza limodzi Loweruka. Mayi a ku ofesi yolembetsa, poti chaka cha sukulu chayamba kale, tikadzaza panopa Pell Grant ingagwirebe semesita ino kapena tiyembekezere ya January?