Axio kapena Axela: iti ingateteze ana anga pa M1?

Membala wosatchulidwa dzina:

Akuluakulu apagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuitanitsa galimoto ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, ndiye ndatsala ndi ziwiri: Toyota Corolla Axio ya 2015 ndi Mazda Axela ya 2014. Zamafuta ndi masipeya ndazimva kale, aliyense akuti Toyota. Funso langa ndi la ngozi basi.

Chaka chatha achimwene anga anawombana ndi thiraki madzulo akuchokera ku Ntcheu. Ndinapita kukaiona galimotoyo. Kutsogolo konse kunapindikira mkati, koma chiwongolero chili bwinobwino, airbag osatuluka. Makanika atatsegula anapeza mulibe kanthu, munthu anachotsa kalekale n'kumata bwino. Achimwenewo anapulumuka chifukwa cha lamba, koma nthiti zitatu zinathyoka. Kuyambira pamenepo mtima suli m'malo. Ine ndimayenda Lilongwe–Blantyre kawiri pamwezi, ana awiri kumbuyo, wamng'onoyo ali ndi zaka 3. Nditenge iti?

Mayankho

Makanika wa ku Ndirande: Mayi, pepani ndi za achimwene. Axela ndi yotambalala, mamilimita 1,795 pomwe Axio ndi 1,695, komanso ndi yolemerako. Galimoto ziwiri zikagundana maso ndi maso, yopepuka ndiyo imavutika kwambiri. Koma pa thiraki, zonsezo ndi zitini.

Membala wina: Axio ya 2015 ndi imene inayamba kubwera ndi Toyota Safety Sense C. Pamwamba pa galasi lakutsogolo pali kamera ndi laser, ikaona kuti mukukagunda galimoto yakutsogolo imalira kenako imaponda yokha mabuleki. Ya Mazda ya nthawi imeneyo imathandiza mukamayenda pang'onopang'ono, mpaka 30 km/h, zamutauni. Koma si Axio iliyonse ili nayo, onani zithunzi za galasilo musanalipire.

Dalaivala wa zaka zambiri pamsewu: Zamakamerazo musazidalire kwambiri. Safety Sense C yoyambayo siona munthu woyenda pansi, ndiye wakabaza wopanda nyali pa Lizulu usiku kapena mbuzi, mudzaponda nokha. Komanso mwala ukaswa galasi n'kuikapo lina lotchipa, kamera ija imafuna kuikonzanso pa kompyuta, ambiri amangoisiya nyali ikuyaka.

Mwini funso: Nanga ndidziwa bwanji kuti ma airbag alimo? Apa ndi pamene pakundisowetsa tulo.

Makanika wa ku Ndirande: Mukatembenuza kiyi, kanyali ka airbag kayenera kuyaka, pakapita masekondi ochepa n'kuzima kokha. Kakapanda kuyaka n'komwe, dziwani kuti wina anakaphimba kapena anachotsa babu. Kakayaka osazima, pali vuto. Koma akathyali ena amanyenga ndi nyaliyo, ndiye ikafika pitani nayo pa makina a diagnosis, makanika aonenso ngati chivundikiro cha pachiwongolero ndi dashboard sizinamatidwe. Funsaninso auction sheet, pepala la ku okushoni ya ku Japan lofotokoza mmene galimotoyo ilili. Mukaona giredi R kapena RA, imeneyo inachitapo ngozi n'kukonzedwa, isiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji.

Mayi wa ana atatu, Area 25: Ine ndili ndi Axio ndipo sindidandaula, koma mvereni izi asisi. Wa zaka 3 uja lamba wa akulu samukwana, amamudutsa pakhosi. Gulani mpando wa mwana womangirira pa ISOFIX, tizitsulo take tili pakati pa khushoni yakumbuyo, lowetsani dzanja mutipeza. Ndipo asakhale kutsogolo pamiyendo pa munthu, airbag ikaphulika imamenya mwana koopsa.

Membala wina: Matayala! Galimoto zambiri zimabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu a ku Japan, ofewa, ena akalekale. Pa phula lotentha la ku Zalewa mu Okutobala simuchedwa kulira. Onani manambala anayi pambali pa tayala, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa.

Mwini funso: Zikomo nonse. Wogulitsa wa Axela wanditumizira auction sheet, yalembedwa giredi 4. Wa Axio akungozemba, akuti mawa, mawa. Kodi alipo amene amawerenga Chijapani pano? Pali mawu ena olembedwa pamanja m'munsimu, ndikufuna ndidziwe akuti chiyani ndisanatumize ndalama.