Kodi "fine-tooth comb" akutanthauza chiyani kwenikweni?

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni. Mawu akuti "go through it with a fine-tooth comb" amamveka kwambiri m'maofesi, makamaka owerengera ndalama akatsala pang'ono kubwera. Chipeso ("comb") chikulowamo bwanji, ndipo manowo ("tooth") ndi a ndani?

Woyankha woyamba: Achimwene, manowo ndi a chipesocho, osati a munthu. "Fine" apa sakunena chabwino ayi, akunena choonda komanso chothithikana. Ndi chipeso chija chochotsera nsabwe. Mpata wa pakati pa mano ake sukwana theka la milimita, moti ngakhale mazira omata patsitsi sapulumuka. Wopesa amanyowetsa tsitsi, kuligawa m'timagawo, kupesa kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, kupukuta chipeso, n'kubwerezanso. Angerezi anatengera pamenepo: kufufuza chinthu osalumpha kalikonse. Polemba, kamzere kamakhala pakati pa "fine" ndi "tooth". "Fine-toothed comb" ndi zolondolanso. Ena amalemba "fine toothcomb", koma zimamveka ngati chipeso chopesera mano.

Wachiwiri: Ndiwonjezereko za ku ofesi. Akanena choncho pa mabuku a ndalama, ndiye kuti lisiti lililonse aliyerekeza ndi zolembedwa m'buku komanso sitetimenti ya ku banki: tsiku, kuchuluka kwa ndalama, amene anasaina. Zimene zimakodwa ndi monga lisiti limodzi lolipiridwa kawiri, kapena 5,400 yolembedwa 4,500. Kungosankha malisiti khumi pa mazana n'kuwayang'ana si zimenezo. Mneni woyenda ndi mawuwa ndi "go through" kapena "go over", ndipo "with" asasowe.

Chenjezo lokha: mawuwa amanunkha chikayikiro. Mukawauza mnzanu za lipoti lake, amva ngati mukusakamo zolakwa. M'kalata ya kwa abwana ingolembani "examine thoroughly".

Wofunsa: Zikomo. Ndiye n'chimodzimodzi ndi "deep dive"?

Wachiwiri: Ayi bambo. "Deep dive" ndi kuzama pa mutu umodzi kuti muumvetse, monga chifukwa chake malonda atsika. Chipeso chimasaka kanthu kobisika, n'chifukwa chake chimayenera pa kontilakiti kapena apolisi akamachita chipikisheni m'nyumba.

Wachitatu: Kwathu kuno chapafupi ndi kusankha mpunga pa lichero, kuchotsa kamwala kalikonse. Ena amathamangira mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma uwo umaphunzitsa kudikira moleza mtima, osati kusanthula. Pomasulira lembani "kuunika mosamalitsa" kapena "kufufuza osasiya kanthu". Mukalemba za chipeso, owerenga aganiza za ku saluni.