Sitima ya ku Norway mu Marichi: titenge chipinda chiti, tivale chiyani?

Membala wobisa dzina:

Ndakulonjerani nonse a m'gulu lino. A admin mundikhululukire, dzina ndabisa chifukwa anzanga a kutchalitchi ali muno ndipo nkhaniyi sitinaiulule. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala chakuno ku Bembeke. Mwana wathu wamkazi ndi namwino ku England, ndipo wati pokumbukira zaka 40 za ukwati wathu akufuna kutikweza sitima yapanyanja, ine ndi amayi ake. Sitimayo idzanyamukira ku Southampton mu Marichi, kuwoloka North Sea, kukwera m'mphepete mwa Norway mpaka ku Tromsø n'kubwerera. Masiku 12. Akuti tikaone kuwala kuja kumaoneka kumwamba usiku kumpoto, amati northern lights.

Ine sitima sindinakwerepo, ngakhale Ilala ndimangoimva. Mwanayu watumiza mitengo itatu: chipinda chamkati chopanda zenera, china chazenera, china chakhonde. Iye akukakamira chakhonde. Ine nditaona kusiyana kwa ndalamazo mtima unandipweteka, poti yemweyo ndi amene akulipirira mng'ono wake sukulu. Ndinati chamkati chikwanira, tikukagonamo basi. Koma amayi akunyumba ali ndi vuto la nseru. Tikamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti amafika ali thapsa, jumbo ili m'manja. Alinso ndi BP, ndipo bondo lakumanja limawavuta pa masitepe.

Funso lachiwiri ndi zovala. Ndinamuuza mwanayu kuti ife ndife a ku Dedza, kuzizira tinabadwa nako, majekete a mu Juni tili nawo. Anaseka mpaka foni inaduka. Tsono amene munapitako, ndiuzeni zoona.

Mnyamata wa pa Kampepuza:

Bambo, m'sutikesi mwanumo simungatsale malo a munthu mmodzi woonda? Sindidya zambiri.

Achimwene a pa sitima:

Aphunzitsi, ine ndakhala ndikukonza zipinda m'sitima zoterezi zaka 6, ndiye ndimvereni pang'ono. Mwayamba ndi mtundu wa chipinda, funso lalikulu mwalisiya. Kwa munthu wa nseru, chachikulu si khonde kapena zenera ayi, koma kuti chipindacho chili pati. Kumbukirani thabwa lija ana amasewerera, wina uku wina uku. Kumapeto ndi kumene kumakwera n'kutsika, pakati pamakhala phee. Sitima ndi chimodzimodzi. Kutsogolo kwenikweni ndi kumbuyo ndiye kumagwedezeka kwambiri, ndipo mukakwera m'mwamba kupendekeka kumawonjezeka. Amayiwo afunika pakati pa sitima, nsanjika zam'munsi. North Sea nyengo imeneyo sichita manyazi, ndipo mudzaiwoloka kawiri, popita ndi pobwera.

Muuzeni mwana wanu asatenge mtengo wotsika uja amautcha guarantee. Pamenepo kampani ndiyo imakusankhirani chipinda, ndipo mutha kupezeka kumphuno kwa sitima, kumene nangula ndi injini zokhotetsera zimakudzutsani m'mamawa mukamafika padoko. Asankhe yekha nambala ya chipinda akuyang'ana mapu a sitima. Aonenso chimene chili pamwamba panu. Ngati ndi malo odyera kapena dziwe losambira, anzanga amayamba kukoka mipando kusanache. Chabwino n'choti pamwamba pakhale zipinda, pansi zipinda. Chifukwa cha bondolo, mukhale pafupi ndi lifti, poti makonde amkati ndi aatali moti munthu umatopa usanafike kodyera.

Chamkati musatenge. Mulibe usana mulibe usiku, mukazimitsa magetsi ndi mdima wa ndiwe yani, ndipo wa nseru amafunika kuona pamene madzi akumana ndi thambo kuti maso ndi mutu zigwirizane. Ine ndikuti chazenera. Zilipo zina zotsikirako mtengo chifukwa boti lopulumutsira limatchinga zenera, zimenezo muzipewe, mwina mungamayang'ane boti masiku 12.

Khonde mu Marichi? Ndasesapo makonde ambiri ali ndi chipale chofewa, mipando osakhalidwapo ulendo wonse. Anthu amatuluka mphindi zitatu, kujambula, n'kuthawira mkati.

Nangozo wa ku Ntcheu:

Achimwene a pa sitima, za pakati ndi pansi mwanena zoona, koma za khonde sindikuvomerezani. Ine ndinatenga amayi anga ulendo wofanana ndi umenewu, nawonso miyendo inkawavuta. Kuwala kuja sikupangana ndi munthu, kumatha kubwera cha m'ma 1 koloko usiku. Mukuganiza gogo avale zonse zija, ayende mpaka pa lifti, akwere pamwamba pamene pansi pali poterera? Amayi anga ankangofunda bulangete n'kutsegula chitseko. Nseru ikawagwira, mpweya wozizira uja unkawathandiza kuposa mankhwala. Ndipo sitima ikamalowa m'mipata ya nyanja ija pakati pa mapiri, amakhala pabedi n'kumaona zonse, chifukwa chitseko cha khonde ndi galasi lonse kuchokera pansi.

Komanso bambo, ndikunena mwaulemu: mwana wanu ndalama zake amazidziwa yekha. Munamuphunzitsa ndi malipiro a uphunzitsi, tonse tikuwadziwa mmene analili. Lero akufuna kukuthokozani inu mukuwerengera. Musamuchititse manyazi mwana.

Achimwene a pa sitima:

Achemwali, khonde limaona mbali imodzi yokha. Kuwala kukatulukira mbali inayo mudzangomva anthu akukuwa. N'chifukwa chake ambiri amathamangira pamwamba, pamene thambo lonse likuoneka. Koma za bondo mwandigonjetsa pang'ono.

Bambo a Yamikani, Biriwiri:

Ine ya ku Norway sindiidziwa koma Ilala ndinaikwera mu Julayi, mwera uli pachimake, kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma. Ndinakana chipinda poumira ndalama, ndinati ndigona pamwamba pa matiresi, ndine wa kumapiri. Abale, mphepo ya pamadzi si ya kumtunda. Juzi langa la ku Tsangano linkangolowetsa mphepo ngati sefa. Ndinafika ndili gwa, mano akugundana. Ndipo Ilala ndi sitima yolimba, inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa kuno, yayenda panyanja yathu kuyambira 1951. Koma mwera ukauka ngakhale anthu a ku Chizumulu amagwira ndowa. Aphunzitsi, kunyada kwa ku Dedza kusiyeni pa Bembeke Turn Off.

Achimwene a pa sitima:

Sitima zikuluzikuluzi zili ndi zipsepse pansi pa madzi zochepetsa kupendekera uku ndi uku, ndiye sizifika pa Ilala. Koma kukwera ndi kutsika kwa kumphuno zipsepsezo sizithandiza kwenikweni. Mfundo ija ya pakati ili pomwepo.

Nachisale, Dedza boma:

Ndinaphunzira ku Tromsø zaka ziwiri, kwathu ndi kuseri kwa phiri la Dedza. Bambo, mwana wanu anaseka ndi chifukwa, koma inunso simunalakwe kwenikweni. Kuzizira kwa kwathu kumakupeza m'nyumba, pabedi, posamba, mbaula ndiye mpulumutsi. Kumeneko m'nyumba ndi m'sitima mumatentha moti mutha kukhala ndi shati lokha. Vuto ndi kunja. Mzindawu uli makilomita pafupifupi 350 kumpoto kwa Arctic Circle, mzere wa pa mapu pamene pamayambira chigawo chozizira cha kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo mu Marichi kawirikawiri kumakhala pansi pa 0, chipale chili mbwee. Nyanja yokha siundana chifukwa cha madzi ofunda a Gulf Stream, n'chifukwa chake sitima zimafika chaka chonse. Ndiye tsiku limodzi mudzalowa motentha, kutuluka kozizira, kukwera basi yotentha, kutsikanso. Chijasi chimodzi chachikulu chidzakuzunzani. Muzivala mosanjikiza kuti muzitha kuvula china n'kutsala ndi china.

Chapakhungu chikhale chothina, chaubweya kapena zija amati thermal, malaya ndi buluku lomwe. Thonje ayi. Vesiti ya thonje ikanyowa ndi thukuta siuma, ndipo mukangoima imasanduka madzi ozizira pamsana. Pakati juzi laubweya kapena fleece. Kunja jekete losalowa mphepo ndi mvula, lokhala ndi chipewa chake. Kenako chipewa chophimba makutu, sikafu, magolovesi, masokosi aubweya. Nsapato mugule zokulirapo kuti sokosi lokhuthala likwane zala n'kumasewera. Nsapato yothina ndiyo imaziziritsa phazi. Amayi ngati sangasiye chitenje avale pamwamba pa buluku, palibe amene adzawafunse.

Chimene ndikuopa ine ndi kugwa. Misewu imakhala ndi madzi oundana oterera ngati dothi la katondo mvula itagwa, koma olimba ngati simenti. Kuli timphira tokhala ndi misomali tovala kunsi kwa nsapato, mwana wanu akugulireni awiri awiri, ndipo muzivula polowa m'sitima. Ndodo yoyendera amayi isatsale.

Za kuwalako ndikuuzirenitu kuti mitima isadzasweke. Marichi ndi nyengo yabwino, usiku umakhalapobe wokwanira, koma kukachita mitambo simuona kanthu. Nthawi zina maso amangoona ngati kautsi kotuwa, foni ndiyo imatulutsa kubiriwira kuja. Tsiku lamwayi kumavina thambo lonse, ine ndinalira ndithu nditakuona koyamba. Foni muziisunga m'thumba lamkati, batire limatha msanga likazizidwa. Vaselini musaiwale, milomo imang'ambika kuposa mu Julayi. Ndalama zapamanja musavutike nazo, kumeneko ngakhale khofi amagula ndi khadi.

Mayi a Chifundo, Lizulu:

Ine ndimagulitsa kaunjika. Ma fleece ndi majuzi aubweya gulani panopa kukutentha, tikungowataya mtengo. Mukadikira Meyi ndi ena, koma inu mukhala mutapita kale. Onani zipi, onani kalebulo ka mkati ngati palembedwa wool. Jekete la mvula mulithire madzi pomwepo, akalowa lisiyeni. Nsapato zokha ndi zamkati zothina zija akugulireni mwana, za pabelo mphira wake umakhala utatha.

Bambo a Dalitso, Linthipe:

Nonse mukukamba zovala, mapepala mwaiwala. Ma visa ndi awiri. Ya UK siigwira ku Norway, chifukwa Norway ili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito visa imodzi, pamene UK mulibe. Musanamizidwe kuti mukhala m'sitima osatsika, opanda visa amabwezedwa pa doko pomwe asanakwere. Ya Schengen mufunsire kuno musananyamuke, poti amafuna munthu afunsire m'dziko limene amakhala, ndipo amalola kuyamba miyezi 6 ulendo usanafike. Amafunanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000. Ya UK muone kuti ndi yolowa kangapo, chifukwa sitima ikabwerera ku Southampton ndiye kuti mukulowanso. Pa inshuwalansi BP ija muitchule, ndipo ikhale yovomereza ulendo wa pasitima. Dokotala wa m'sitima ndi wolipira.

Achimwene a pa sitima:

Zing'onozing'ono ndisanaiwale. Mankhwala a BP akhale m'chikwama chapamanja, masutikesi amafika kuchipinda patapita maola. Ayironi ndi ketulo musanyamule, amalanda poopa moto. Foni ikhale pa airplane mode sitima ikachoka padoko, apo ayi imagwira netiweki ya setilaiti ndipo ndalama zimatha ngati madzi. Musananyamuke aliyense amakaonetsedwa malo osonkhanira pangozi, si zosankha. Mukatsika kukayenda, nthawi yobwerera imene alemba ndi yomweyo, sitima si minibasi yoti kondakitala adikire. Mankhwala a nseru monga Stugeron amamwa mafunde asanayambe, osati atayamba kale kusanza, ndipo amagonetsa. Amayi akafunse kaye adokotala awo ngati akugwirizana ndi a BP. Jinja ndi mabisiketi ouma zimathandizako.

Mnyamata wa pa Kampepuza:

Nanga nsima masiku 12? Ine ndasintha maganizo, pitani nokha.

Nachisale, Dedza boma:

Mpunga ulipo, nsomba ilipo, ndipo mbatatesi ndiye tsiku ndi tsiku. Anthu a ku Bembeke adzangoona ngati ali kwawo.

Membala wobisa dzina:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. Ndinalakwitsa chinthu chimodzi: ndemanga zanuzi ndimawerenga mokweza amayi ali pompo akusenda mbatatesi. Ine ndinali nditatsimikiza za chazenera. Titafika pa mawu a Nangozo anaika mpeni pansi n'kunena kuti, "Bwerezani pamenepo." Ndinabwereza. Anati zaka 40 akhala akumvera masamu anga, ulendo uno amvera mwana wawo. Ndiye achimwene a pa sitima, kodi chakhonde chimapezeka chapakati komanso cham'munsi?

Achimwene a pa sitima:

Chimapezeka aphunzitsi. Afunse nsanjika yotsikitsitsa imene ili ndi makonde, chapakati, koma aonetsetse pa mapu kuti maboti opulumutsira sali kutsogolo kwake, poti nthawi zambiri amapachikidwa chakomweko. Chitseko cha khonde muzichitseka mukalowa. Chikakhala chotsegula wina n'kutsegula chitseko cholowera m'chipinda, mphepo imakoka mwamphamvu moti imamenyetsa chitseko, ingakupanini zala.

Membala wobisa dzina:

Ndamva. Mayi a ku Lizulu, Loweruka tikupezani. Amayi amavala 42, ine ndidzayesa konko.