Kodi Mumadalira Zosungunulira Ziti Zaukali mu Labotale?

Wofunsa: Akatswiri anzanga, kodi ndi zosungunulira ziti zachilendo kapena zaukali zimene mumazidalira pamene madzi wamba ndi ethanol zalephera?

Woyankha woyamba: Ine ndimakonda ammonia yamadzimadzi, ngakhale kuti imawira pa -33°C ndipo imafuna kuiziziritsa nthawi zonse. Mukaponyamo kachidutswa ka sodium, yonse imasanduka yabuluu chifukwa ma elekitironi amamasuka n'kumayandama okha, ndipo njira yosinthira makemikolo yotchedwa Birch reduction imadalira zimenezi.

Woyankha wachiwiri: DMSO (dimethyl sulfoxide) imasungunula zinthu zambiri, koma imadutsa pakhungu limodzi ndi zimene yasungunula, moti posakhalitsa m'kamwa mumamveka adyo. Kuichotsanso n'kovuta, popeza imawira pa 189°C.

Woyankha wachitatu: Chenjerani kwambiri ndi carbon disulfide, chifukwa paipi yotentha ya nthunzi ikhoza kuiyatsa popanda lawi lililonse.