Zikalata za Robert Byrd zili ku Shepherdstown

Mwezi watha ndinafunsa kumene kunapita zikalata za Robert Byrd, yemwe anaimira chigawo cha West Virginia mu Senate, imodzi mwa nyumba za malamulo za dziko la America, kuyambira 1959 mpaka imfa yake mu June 2010. Ena munati mwina zili ku Washington. Ayi, zili kwawo komweko, pa Shepherd University ku Shepherdstown, m'nyumba yotchedwa Robert C. Byrd Center for Congressional History and Education.

Chifukwa chake n'chakuti ku America makalata a mu ofesi ya seneta amakhala chuma chake, ndipo mwiniwake kapena abale ake ndiwo amasankha kokawasunga. Zolemba za makomiti zokha n'zomwe zimapita ku National Archives, nyumba yosungira zikalata za boma. Tsono amene akufufuza ntchito ya Byrd monga wapampando wa komiti yogawa ndalama za boma ayenera kufika malo onse awiri.

Chomwe chikundikhudza kwambiri ndi kusintha kwa munthuyu. Ali mnyamata analowa gulu la tsankho la Ku Klux Klan, ndipo mu 1964 anayankhula kwa maola 14 pofuna kutchinga lamulo lopatsa anthu akuda ufulu wofanana ndi azungu. Pambuyo pake anapepesa poyera kangapo. Mu 2002 anali mmodzi mwa maseneta 23 okha omwe anakana kuloleza nkhondo ya ku Iraq. Ine ndikufuna kuona makalata omwe anthu a ku West Virginia ankamulembera m'zaka zapakati apo, chifukwa ndikukhulupirira kuti mawu awo anathandiza kumutembenuza mtima.