Kodi malipiro athu a ku bekale ndi oyenera kapena akutidyera masuku pamutu?

Membala wosadziwika
A Admin mundibise dzina chonde, pagulu pano pali anzanga a kuntchito. Ndimagwira ntchito pa bekale ina ku Blantyre kuno, chaka chino ndi chachinayi. Timalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, kupuma ndi Loweruka lokha usiku. Ine ndimakhala pa mikisa komanso pa uvuni. Chandiwawa n'chakuti mu Januwale munabwera mnyamata, akuti ndi mphwake wa abwana. Sankadziwa ngakhale kuyeza yisiti, ndamuphunzitsa ndine, lero ndikumva kuti akulandira zambiri kuposa ine. Poweruka iye amakwera galimoto yogawa buledi, ife wapansi mpaka kunyumba. Mwezi wathawu magetsi anazima buledi ali mu uvuni, mathireyi angapo anawonongeka, anandidula malipiro osandifunsa n'komwe. Akapitawo amatiitana kuti iwe pamaso pa makasitomala, tiyi wa usiku ndi wopanda shuga. Kunyumbanso alandilodi akweza lendi, mayi a ana akuti ndimangogwira ntchito yogona masana, ndiye mu Ogasiti muli ukwati wa mlamu wanga andipatsa kale gawo langa losonkha. Mutu wanga sukugwira. Ndisiye, ndipite ku leba, kapena ndingopirira? Ndithandizeni nzeru abale.

Mai a Mapasa
Pepani achimwene. Koma mwatiuza za shuga wa m'tiyi ndi ukwati wa alamu, osatiuza kuti mumalandira zingati. Tiyeza bwanji?

Kalaliki Wakale
TIYAMBE NDI MAOLA. Anthu mumathamangira kufunsa zingati, pomwe chinyengo chimabisala m'maola. Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Amene amagwira masiku 6 pa sabata, tsiku lake ndi maola 8. Bambo awa akugwira maola 12 kwa masiku 6, ndiwo maola 72. Chotsani 48, atsala 24. Maola 24 amenewo ndi ovataimu sabata iliyonse. Ovataimu wa tsiku wamba amalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma, ndi kawiri. Tengani malipiro otsikitsitsa omwe boma linalengeza mu 2025, K126,000 pa mwezi. Gawani ndi masiku 26, mupeza K4,846 pa tsiku. Gawani ndi 8, ola ndi pafupifupi K606. Ovataimu ndiye K909 pa ola. Chulukitsani ndi 24, K21,816 pa sabata, kupitirira K87,000 pa masabata anayi. Ngati ndalama imeneyi siikuoneka m'thumba mwanu, yankho mwalipeza kale.

Wa Maakaunti ku Ginnery
Akuluakulu, masamu anu ali bwino koma mwalumpha ziwiri. Choyamba, ngati usikuwo amapuma ola limodzi kudya, abwana adzalichotsa ndipo ku leba mkangano wake umakhala pomwepo. Pamenepo ndi maola 66, ovataimu 18, K16,362 pa sabata. Chachiwiri, K126,000 si ya aliyense. Antchito a m'nyumba ndi a mabizinesi ang'onoang'ono ali ndi mlingo wawo wotsikirapo. Bekale ya anthu asanu ku Chirimba siyofanana ndi yogawa buledi mzinda wonse. Atiuze kaye kuti alipo angati pantchitopo.

Kalaliki Wakale
Ola lopumalo mwalitenga kuti? Pa uvuni munthu amapuma? Mtanda ukafufuma suyembekezera kuti wina amalize tiyi. Kudya uli chiimire ukuyang'ana uvuni si kupuma, imeneyo ndi ntchito. Musaphunzitse mabwana zodulira anthu pano.

Wa Maakaunti ku Ginnery
Sindikuphunzitsa aliyense, ndikumukonzekeretsa zomwe akamve. Akapita ndi nambala yokokomeza, mbali inayo ikangotsutsa pamodzi pokha, dandaulo lonse limaoneka labodza.

Jah Kabaza
Tiyi wopanda shuga pa bekale? Achimwene, thumba la shuga lili pambali pa mikisa, mukufuna a MCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni a antchito, abwere adzakutakasireni?

Anabanda
Inu musamaseke, amene angatape shugayo mawa lake achotsedwa ntchito ngati wakuba, osalandira kalikonse. Koma nanunso ofunsa, thokozani Mulungu kuti muli pantchito. Anyamata a madigiri ali pa Chichiri ndi maenvelopu. Mukapita ku leba abwana adziwa tsiku lomwelo, kenako mudzadya lamulolo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kalaliki Wakale
Mayi, maganizo amenewa ndi omwe anaphetsa antchito m'dziko muno. Kudandaula ku leba si chifukwa chochotsera munthu ntchito, lamulo limanena poyera. Pochotsa munthu pamafunika chifukwa chomveka, ndipo apatsidwe mpata wodziteteza. Akakuchotsani mopanda chilungamo muli ndi miyezi 3 yokadandaula kwa a leba a m'boma lanu, zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito. Miyezi 3, osati kukhala chaka n'kumalira pa Facebook.

Anabanda
Ndiye mlandu uli kukhoti ana akudya chiyani? Milandu ya kumeneko simatha sabata imodzi bambo.

Gogo wa Penshoni
Nonse mukukangana za lero, palibe wafunsa za penshoni. Zaka zinayi zimenezo, kodi akukudulani 5 peresenti? Abwana akuyenera kuikapo 10 peresenti yawo, zonse n'kutumiza ku kampani yosunga penshoni. Chimachitika n'chakuti amadula pa malipiro koma osatumiza, munthu n'kudzazindikira tsiku lochoka. Funsani dzina la kampaniyo ndi nambala yanu ya umembala, mupite nokha ndi chiphaso chaunzika mukapemphe sitetimenti. Muone ngati mwezi uliwonse ukuoneka. Pakakhala mipata, oyang'anira za penshoni ndi a Reserve Bank, kumeneko ndi kodandaula. Malipiro ochepa okhala ndi penshoni nthawi zina amaposa ochuluka a m'manja.

Membala wosadziwika
Zikomo nonse. Za penshoni sindinamvepo kuno. Koma chondipweteka kwambiri ndi mnyamatayu, dzulo lomweli waika mchere kawiri mu mtanda, akapitawo angoseka. Ndikanakhala ine bwenzi atandidula.

Mai a Mapasa
Achimwene, MUMALANDIRA ZINGATI?

Kalaliki Wakale
Za kudulazo ndiyankhe. Bwana saloledwa kulipiritsa wantchito faindi ngati chilango. Chomwe angachite ndi kudula mtengo wa katundu amene wantchito wawononga, koma payenera kuoneka kuti wawononga ndi iyeyo. Magetsi anazimitsa ndinu? Jenereta ilipo? Ngati ilipo, inali ndi mafuta? Woyang'anira mafutawo ndani? Amenewa ndiwo mafunso. Komanso akadula, adule pa mtengo wopangira, osati wogulitsira mu shopu, ndipo buledi wowonongekayo mumuone komwe wapita. Ena amadula wantchito kenako buledi yemweyo n'kugulitsa kwa oweta nkhumba, kudya kawiri.

Mphika Buledi 265
Apa ndithirirepo za uvuni, chifukwa a leba sadziwa buledi, mukawafotokozere ndinu. Magetsi akazima m'mphindi zoyambirira, mtanda usanagwire, buledi amaphwa n'kukhala waiwisi pakati, ngakhale mutayatsanso sadzukanso. Akazima chakumapeto, osatsegula chitseko, kutentha kotsalako kumamalizitsa. Mtanda womwe uli panja ukudikira uvuni umapitirira kufufuma, umawawasa n'kugwa, makamaka nyengo yotentha. Palibe mwa zimenezi chomwe ndi vuto la wophika. Buledi akamapserera mbali imodzi tsiku ndi tsiku, ndiye kuti elementi kapena fani yafa, kapena chowongolera kutentha chikunama. Muzilemba m'kabuku: tsiku, nthawi yomwe magetsi azima, nthawi yomwe ayaka, mathireyi angati anali mkati. Akapitawo asaine, akakana mnzanu asaine.

Jah Kabaza
Akapitawo omwe amaitana munthu kuti iwe asaine kabuku? Mwadzuka bwino koma?

Mtsikana wa Geni
Ine sindikuona chomwe mukuvutikira. Munthu wodziwa kukanda ndi kuyeza, zaka zinayi, bwanji osayamba zake? Uvuni wa mgolo, makala, ufa wa makilogalamu 25, yisiti, mafuta, mabanzi ndi masikono m'mawa kumagolosale a m'dera. Wolembedwa ntchito salemera.

Wa Maakaunti ku Ginnery
Asisi, mpamba auchotsa kuti munthu akulira lendi? Ndipo dziwani ichi: akasiya yekha palibe severance, ndalama ya chipukutamisozi yomwe bwana amapereka ntchito ikatha. Imeneyo imaperekedwa akakuchotsani chifukwa chochepetsa antchito kapena mopanda chilungamo, malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyamba, masabata 3 kuyambira chaka cha 6 mpaka 10, masabata 4 kupitirira apo. Wolandira pa mwezi akafuna kuchoka apereke notisi ya mwezi umodzi, akangosowa osapereka notisiyo, abwana ndi amene amamudula. Geni ayambe Loweruka lomwe amapumalo aone kaye ngati ikuyenda. Mapanga awiri avumbwitsa, koma kutuluka m'phanga mvula ikugwa n'kopusa kwambiri.

Kalaliki Wakale
Ndipo tchuthi! Palibe wanena za tchuthi! Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pa chaka, wa masiku 5 ali ndi 15. Zaka zinayi osapita kutchuthi ndi masiku 72 amenewo. Mukadwala mutatha chaka pantchito, ndi kalata ya kuchipatala, masabata 4 malipiro onse, masabata 8 theka. ZONSEZI NDI MALIPIRO. Munthu amene amangoyang'ana envelopu ya pa 30 sadziwa zomwe akumubera.

Achimwene a ku Ndirande
A Kalaliki mwalemba ndime khumi koma funso la munthuyu simunaligwire. Iye sakulira lamulo, akulira mphwake wa bwana. Ndipo apa pakhale poyera. Lamulo limati ntchito yofanana malipiro ofanana, osasankha mtundu, chipembedzo, kuti ndi mkazi kapena mwamuna. Koma umboni uli kuti? Mwamva chabe. Peyisilipi ya mnyamatayo mwaiona? Abwana akanena kuti ndi wothandizira akapitawo, kapena kuti zapamwambazo amamupatsa ngati malume kuchokera m'thumba mwawo, muyankha chiyani? Imeneyo isiyeni, simungaiwine. Ponena za kukwezedwa musatchule dzina la mnyamatayo n'komwe. Nenani zanu: matumba angati a ufa mumakanda pa usiku, zaka zingati, anthu angati mwaphunzitsa, mabekale ena akulipira zingati wa pa uvuni. Funsani anzanu a mabekale atatu, si chinsinsi. Pemphani nambala yeniyeni, osati kungoti mundiganizireko bwana.

Kalaliki Wakale
Kupempha! Ufulu sapempha. Ndiponso malipiro otsikitsitsawo musawatenge ngati ndiwo oyenera. Anali K50,000 mu 2021, n'kufika K90,000 mu 2024, koma pakatipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. A bungwe la Centre for Social Concern amawerengera zofunika pa banja la m'tauni, ndipo zomwe amapeza zimaposa malipiro otsikitsitsa kutalitali. Munthu waluso ngati uyu kumulipira za pansi penipeni ndi chipongwe ngakhale lamulo lisanaswedwe. Mankhwala ake ndi yuniyoni. Mukakhala ambiri bwana amakhala pansi, mukapita nokha amakuonetsani geti.

Anabanda
Yuniyoni ya anthu angati, poti mwini nkhani sananene? Mwina alipo atatu ndi mphwake yemweyo.

Membala wosadziwika
Tilipo 14 ndi oyendetsa galimoto. Za zingatizo n'zovuta kunena chifukwa zimasinthasintha, amatiwerengera pa thumba la ufa lomwe takanda, gulu lonse la usiku n'kugawana. Ufa ukasowa mwezi umenewo zimachepa. Palibe chomwe tinasainirana, amangotipatsa m'manja.

Mai a Mapasa
Ambuye! Ndiye ichi mumachisungira chiyani tsiku lonse?

Wa Maakaunti ku Ginnery
Apa nkhani yasintha. A Kalaliki masamu anu aja aikeni kaye pambali.

Kalaliki Wakale
SINDIIKA PAMBALI. Kulipira pa thumba sikusandutsa munthu wa zaka zinayi kukhala waganyu. Amalowa nthawi yomwe bwana wanena, amagwiritsa mikisa ya bwana, akajomba amadzudzulidwa, ameneyo ndi wantchito. Pa malo a anthu 14 bwana amayenera kupereka kalata yolongosola ntchito, malipiro ndi maola, komanso peyisilipi yoonetsa zomwe wadula. Kusasaina ndi mlandu wa bwana, osati wa wantchito.

Wa Maakaunti ku Ginnery
Pamenepo tagwirizana, koma popanda pepala umboni aupanga yekha. Achimwene, gulani kope la masamba 40. Usiku uliwonse lembani nthawi yolowa, yoweruka, matumba angati akandidwa, munalipo angati. Tsiku lolandira lembani ndalama yomwe yalowa m'manja ndi yomwe adula. Ngati pali buku lomwe mumasainira polandira, lijambuleni pa foni. Kumbukiraninso za miyezi 6 yapitayi, phatikizani, gawani ndi 6, mupeze za pa mwezi. Imeneyo mugawe ndi maola omwe mumagwiradi, pafupifupi 312 pa mwezi ngati ndi mausiku 26 a maola 12. Nambala yomwe ituluke muiyerekeze ndi K606 ija. Ku leba kufunsa n'kwaulere, mukhoza kupita kukangofunsa mlingo womwe ukugwira ntchito panopa ndi gulu lomwe bekale yanu ili, osasumira aliyense.

Mphika Buledi 265
Muonjezere ichi: pa thumba pamaberedwanso. Thumba la makilogalamu 50 limatulutsa malofu pafupifupi 100 kutengera sikelo ya mtanda. Muziwerenga malofu omwe akwera galimoto m'mawa. Akatuluka 2,000 koma akapitawo alemba matumba 16, matumba ena anayi akanda ndani?

Gogo wa Penshoni
Olandira m'manja ndiye penshoni kulibiretu. Zaka zinayi. Ndinanena ine.

Jah Kabaza
Komabe za shuga sizinayankhidwe.

Mai a Mapasa
Achimwene, pa thumba limodzi amakupatsani zingati, ndipo usiku mumakhalapo angati? Manambala awiri okha basi. Za alamu tazimva kale.